Mwana wa Achemwali Anga

Achemwali anga anamwalira mwana wawo asanayambe kuyenda bwinobwino. Mwanayo ankangogwira mipando n'kumadzikoka. Tinkakhala ku Mbare, m'mafulati a khonsolo aja, m'chipinda chimodzi chimene bambo athu anachipeza kalekale akugwira ntchito yosesa misewu ya mumzinda. Bambo ndi mayi anachokera ku Dedza. Ife ana tonse tinabadwira mu Harare muno, ndipo ku Malawi sindinapondeko mpaka lero.

Litapita tsiku la maliro, achimwene anga aakulu anaitanitsa abale kuti tigawane zovala za malemu. Zitatha zovalazo, anatenga mwanayo m'manja mwa mayi wina wa kutchalitchi amene anamunyamula, n'kumuika pamiyendo panga. Anati, "Uyu ndi wa mbumba ino. Iwe ndiwe mayi wake." Palibe amene anadabwa. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo malume ndiye mwini mbumba, akanena zatha. Mng'ono wa mayi ako ndi mayi ako, anthu safunsana kuti anabala ndani. Ndinamubereka kumsana n'kupita kukathandiza kutsuka mbale.

Bambo wa mwanayo analipo pamaliro, koma anaima patali, pafupi ndi magalimoto. Anali Mshona, woyendetsa kombi, maminibasi a kuno. Achemwali sanawakwatire, ndipo ine sindinamutchulepo kuti alamu. Chimodzi chokha anachichita mwana atabadwa: anapita ndi achemwali ku ofesi kukalembetsa chitupa chobadwira, dzina lake n'kulowamo. Patapita miyezi ingapo maliro atachitika tinamva kuti wapita ku Joni. Sanatsanzike, ifenso sitinamufunefune.

Ine ndimasoka mayunifolomu a ana a sukulu. Ndinakwatiwapo, koma banja linatha popanda mwana. Makina anga ali pawindo, ndipo mwanayo, amene anali mtsikana, anakulira pansi pa makinawo, akusewera ndi tizidutswa ta nsalu. Liwu lake loyamba linali lakuti amayi, ndipo ankanena ine. Sindinamubisire kuti anamubala ndi achemwali. Chithunzi chawo chinali pakhoma, ndipo iye ankati ali ndi amayi a pachithunzi ndi amayi a pamakina. Sizinkamuvuta.

M'mafulati athu nkhani zimakambidwa pamasinki ochapira, ndipo aliyense pamenepo ndi loya. Mayi wina wachishona, wogulitsa masamba ku Musika, msika waukulu wa ku Mbare, ankandichenjeza kawirikawiri. Ankati mwana ali ndi mutupo wa bambo ake, ndiko kunena mfunda, ndipo kusunga magazi a eni ake n'kudziitanira mizimu m'nyumba. Ndinkamuyankha kuti, "Si inu nomwe mumatinena kuti ife a ku Malawi tilibe mutupo? Ndiye mzimuwo ukabwera udzagogoda pa khomo la ndani?" Ankaseka, koma mawa lake ankayambanso.

Bambo wina wa ku Tete, amene ankadzitama kuti amadziwa makomo onse a maofesi a boma, anandiuza njira yachidule. Anati ndipeze mboni ziwiri, tikanene kuti mwanayo ndinabalira pakhomo ndine, andipatse chitupa chatsopano chokhala ndi dzina langa. Anati ambiri amatero. Ndinakana, osati chifukwa choopa lamulo, pakuti nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti ndi mlandu womangidwa nawo. Ndinangoona kuti kufufuta dzina la achemwali kuli ngati kuwaikanso m'manda kachiwiri. Winanso anandiuza kuti mwana ukakhala naye zaka zambiri, boma limangomuwerengera lokha kuti ndi wako. Mkulu wa mpingo anati khadi la ubatizo ndi lokwanira, popeza pamzere wa kholo analembapo ine.

Liwu lakuti adopushoni ndinalitchula kamodzi kwa achimwene, nditalimva pa wailesi. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anati zimenezo ndi za azungu ndi anthu a ku mayadi amene amakatenga ana a kunyumba za amasiye, ndipo munthu sapita ku khoti kukapempha magazi ake omwe. Ndinagwirizana nawo. Kunena zoona inenso zinkandinyansa kuti ndikaime pamaso pa munthu wachilendo n'kumapempha mwana amene ndimagona naye bedi limodzi.

Ndipo kwa zaka zambiri palibe amene anatifunsa. Ku kiliniki ankangofuna khadi la sikelo. Ku sukulu ndinasonyeza chitupa chobadwira, aphunzitsi analemba dzina langa, nkhani n'kutha. Ndinkapita kumisonkhano ya makolo, ndinkasaina malipoti. Mwanayo ankalankhula Chishona kunja ngati anzake onse, m'nyumba ankayankha Chichewa chopindikapindika, koma nyimbo za kutchalitchi ankaziimba bwino kuposa ine.

Nyimbozo ndi zimene zinatifikitsa ku ofesi. Ali mu giredi faifi, kwaya ya ana ya kutchalitchi kwathu inaitanidwa kukaimba ku Malawi, ndipo iye anasankhidwa. Panafunika pasipoti. Ndinadzuka m'mawa, ndinaima pamzere wautali uja, mapepala onse ali m'pulasitiki. Nditafika pawindo, mnyamata wa pamenepo anawerenga chitupa, n'kundifunsa m'Chishona kuti ndine ndani wake wa mwanayo.

Ndinati, "Ndine mayi wake."

Anati, "Dzina la mayi lili apali si lanu."

Ndinafotokoza, n'kutulutsa chitupa cha imfa ya achemwali. Anamvetsera osandidula mawu. Kenako anati pasipoti ya mwana imasainidwa ndi kholo lake, kapena munthu amene khoti linamupatsa mphamvu pa mwanayo. Anandifunsa ngati ndili ndi pepala la ku khoti. Ndinatulutsa khadi la ubatizo. Analiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo n'kundibwezera mwaulemu. Anandilozera ku ofesi ya boma yoona za ana, imene tonse timangoti kwa a sosho.

Kumeneko ndinapita ndi achimwene, atavala jekete lawo la ku tchalitchi. Tinapeza mayi wamng'ono pa ife, wodekha, mafayilo atamuzungulira mpaka pansi. Achimwene anayamba ndi kulongosola za mbumba, za malume, za zimene ananena pa tsiku logawa zovala. Mayiyo sanaseke. Anati mwambowo amaumva, ndipo khoti nalo lingaumve, koma kulera mwana ndi kwina, kukhala kholo lake pamalamulo ndi kwina. Anati zaka sizisintha kanthu, ngakhale zitakhala makumi awiri. Njira zilipo ziwiri, ndipo zonse zimadzera ku khoti la ana. Yoyamba, khoti likhoza kundipatsa mphamvu yosunga mwana ndi kumusainira zinthu, mayina a makolo ake osakhudzidwa. Yachiwiri ndi adopushoni, imene imandisandutsa kholo kotheratu, bambo wake n'kuchoka. Anatiuzanso kuti achibale nawo amachita adopushoni, ndiponso kuti mwana sagulidwa, palibe amene amaloledwa kulipira kapena kulandira kanthu.

Kenako anafunsa kuti bambo wa mwanayo ali kuti. Tinati sitikudziwa. Anati munthu amene dzina lake lili pa chitupa ayenera kumvedwa. Akasowa, khoti likhoza kupitiriza popanda iye, koma tiyenera kusonyeza kuti tinamufunafuna ndithu. Ananena mosadzudzula kuti tikanabwera zaka zija atangochoka, nkhani ikanayenda mofewa. Pa za pasipoti yokha, anati, akapezeka angosaina basi.

Choncho tinayamba kufunafuna munthu amene sitinkafuna kumupeza. Achimwene anapita pa renki ya makombi kukafunsa, akuganiza kuti abwerako ndi yankho lakuti palibe akumudziwa. Munthu wachiwiri amene anamufunsa anawapatsa nambala ya foni. Bamboyo anali atabwera kalekale kuchokera ku Joni. Ankakhala ku Budiriro, ali ndi mkazi ndi ana awiri aamuna, akugulitsa zitsulo za magalimoto.

Anabwera Lamulungu masana pamodzi ndi mlongo wake wamkulu, amene Ashona amati tete. Kwa iwo tete ndi munthu wolemera mawu pa ana a mchimwene wake, ngati mmene alili malume kwa ife. Anavula nsapato pakhomo. Bamboyo anali atanenepa, imvi zitayamba, ndipo sankatha kundiyang'ana m'maso. Mwana atalowa ndi tiyi, tete anamuyang'anitsitsa n'kunena chapansipansi kuti ndi nkhope ya mayi awo. Ine sindinaone zimenezo, ndinkaona mphumi ya achemwali. Bamboyo anati anakhala chete zaka zonsezi chifukwa cha manyazi, popeza sanapereke kalikonse kwa ife monga mwa mwambo wawo, ndipo ankaganiza kuti tidzamuthamangitsa. Ndinaika pepala la pasipoti patebulo. Anatulutsa cholembera m'thumba la malaya.

Pamenepo achimwene anakonza kukhosi. Anati popeza mwabwera, tithetseretu nkhani yonse lero kuti tisamavutitsane. Anati tipita ku khoti kukachita adopushoni, ndipo chimene tikufuna kwa inu ndi kuvomera kuti mwana ndi wathu. Anawonjezera, mokoma mtima ndithu, ngati akumupeputsira katundu, kuti asadandaule, kwathu bambo ndi wobwera, ana ndi a kuchikazi.

Achimwene sanali kunyoza. Ndi mmene anawalerera, ndipo iwo eni ana awo amamvera malume awo a ku Mufakose. Koma mawuwo anagwera m'makutu a anthu amene kwawo mwana ndi wa bambo, mpaka mafupa. Tete anafunsa kuti adopushoniyo ikachitika, dzina la mchimwene wake likhala pati. Achimwene anati lichoka, ndi mmene a sosho anenera. Tete anagwira dzanja la mchimwene wake, cholembera chinabwerera m'thumba. Anati nkhani yotere sathetsa anthu awiri, akafunsa kaye akuluakulu. Anamaliza tiyi wawo, anatsanzika bwinobwino. Pepala la pasipoti linatsala patebulo losasainidwa.

Ndinawakalipira achimwene tsiku limenelo kuposa mmene mlongo amayenera. Iwo anangoti ananena zoona. Kwaya inapita ku Malawi popanda mwanayo. Analira pang'ono, kenako anayamba kundifunsa za azichimwene ake a ku Budiriro, kuti ndi aakulu bwanji, amaphunzira kuti. Ndinkayankha zimene ndinkadziwa, zimene zinali zochepa.

Pasanapite nthawi tinalandira masamoni. Bamboyo anapempha khoti kuti atenge mwana wake. Ndinapita kwa maloya othandiza osauka, ndipo loya amene ndinamupeza sanandinamize. Anati adopushoni ndiiwale, chifukwa bambo alipo ndipo wakana. Chotsala ndi kupempha kuti mwana apitirize kukhala ndi ine. Anati khoti limayang'ana chimene chingakomere mwana, ndipo zaka zimene ndamulera zidzawerengedwa, koma kholo lobala likakhala lamoyo, lofuna mwana wake, lopanda mbiri ya nkhanza, kulilanda mwana si chinthu chapafupi. Ndinafunsa ngati kusowa kwake zaka zonsezi si mbiri. Anati tidzanena, ndipo iwonso adzanena kuti ife sitinamufunefune.

Mayi wa sosho uja anabwera kudzaona pakhomo. Ndinakolopa mpaka pa masitepe a anthu ena. Koma chipinda chimodzi ndi chimodzi basi, katani pakati, bedi mbali ino, makina ndi sitovu mbali inayo. Anafunsa kumene mwana amagona, ndinamulozera bedi langa. Anafunsa chimbudzi, ndinamuperekeza kumapeto kwa khonde, kumene mabanja onse a pamzere wathu amapita, madzi tikuthira ndi ndowa. Anaona makope a mwana, anacheza naye, anamuseketsa. Potuluka anandiuza kuti mwanayu waleredwa bwino ndipo alemba zimenezo. Ndikukhulupirira kuti analemba. Anapitanso ku Budiriro, kumene kunali nyumba ya zipinda zinayi ndi mpanda.

Khoti la ana silili ngati la pa wailesi yakanema. Ndi chipinda wamba, anthu akunja saloledwa. Woweruza anali mayi wa msinkhu wanga, wovala magalasi. Achimwene analoledwa kulankhula, ndipo ananenanso za mbumba. Tete ananena kuti mwana wosadziwa mutupo wake amakula ngati alibe kwawo, ndipo tsiku lodzakwatiwa sadzadziwa woti amuimirire. Woweruza anati miyambo yonse iwiri amailemekeza, koma sanakhale pampandopo kuti asankhe mwambo wopambana. Anatitulutsa tonse n'kutsala ndi mwana ndi mayi wa sosho. Zimene mwanayo ananena sindizidziwa. Sindinamufunse, ndipo sindidzamufunsa.

Chigamulo chinabwera tsiku lina. Woweruza anati palibe amene akunena kuti ndinalakwa. Anati mwanayo ali ndi bambo wamoyo, ali ndi abale ake, ndipo akuyandikira msinkhu umene mtsikana amafunika malo akeake ogona. Anagamula kuti amalize teremu ali kwa ine, Loweruka ndi Lamulungu azipita ku Budiriro kuti azolowere, kenako asamuke. Pa holide iliyonse azibwera kwa ine, ndipo bambo wake asamuletse. Loya anandinong'oneza kuti mbali ya holideyo ndi chinthu chachikulu, ambiri saipeza. Ndinagwedeza mutu. Tinakwera kombi kubwerera ku Mbare, mwana atakhala pamiyendo panga chifukwa munali modzaza, ngakhale anali atakula kale moti miyendo yake inkafika pansi.

Sindinena kuti anapita kwa anthu oipa. Mkazi wa bamboyo samuzunza. Mwanayo tsopano ali ku sekondale, pasipoti anapeza, pa holide amabwera, ndipo amandithandiza kusokerera mabatani. Achimwene amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ndimawasiya anene, akalamba. Amayi a pamasinki anagawanika, ena amati ndikanamvera bambo wa ku Tete uja, osadziwa kuti bambo wa mwanayo akanangotulutsa chitupa choyamba ine n'kukagona kundende. Mayi wogulitsa masamba sananene kuti ndinakuuzani, ndipo ndimamulemekeza pa chimenecho.

Tsiku lodzamutenga anabwera anthu anayi: bambo wake, tete, mkazi wa bamboyo, ndi mkulu wina wa kumudzi kwawo, wokalamba, wa ndodo. Ndinali nditalongedza kale zovala m'chikwama. Ndinkaganiza kuti angonyamula n'kumapita, ndipo ndinali nditakonzeka kupirira zimenezo. Koma anakhala pansi pa simenti, onse, ngakhale mipando inalipo. Amuna anayamba kuomba m'manja mwa Chishona, mokuya, pang'onopang'ono, akazi akutsatira. Anthu a m'makomo oyandikana anasuzumira pakhonde.

Mkuluyo analankhula ndi achimwene, osati ndi ine, monga mwa ulemu wawo. Anati kwawo munthu akakulerera mwana sumangomutenga ngati watola panjira. Pali ng'ombe imene amaitcha chiredzwa, yopita kwa wolera. Anati ng'ombeyo aisankha kale, yaikazi, ili m'khola kumudzi kwawo, ndipo ndi yanga pamodzi ndi ana amene idzabale. Kenako anatembenukira kwa ine, anaika ndodo pansi, n'kunena kuti, "Mwatisungira mwana wathu. Mwagwira ntchito yaikulu. Tikuthokoza."

Ankanena ndi mtima wonse, ndinaona m'maso mwake. Panalibe chipongwe ngakhale pang'ono. Ndipo mawu amenewo anandipweteka kuposa chigamulo cha khoti, chifukwa khoti linangosamutsa mwana, koma awa ankandiuza mwaulemu kuti zaka zonsezi ndinali wosungira eni ake. Achimwene anayang'ana pansi. Zikatero munthu umayenera kuomba m'manja kulandira, ndipo onse ankadikira. Ndinaomba.

Tete anakodola mwana, amene anaima pafupi ndi makina atagwira chikwama chake cha sukulu. Anamuuza kuti, "Bwera uthokoze mainini," ndiko kunena mayi wamng'ono. Mwanayo anandiyang'ana kaye, ngati akufunsa. Sindinamuthandize, nkhope yanga inali itauma. Anaika chikwama pansi, anagwada patsogolo panga, anapinda manja mmene anamuphunzitsira Loweruka lija ankapita ku Budiriro, n'kuomba bwinobwino osalakwitsa. Anandithokoza m'Chishona chifukwa chomulera.

Ndinamuyankha mmene timayankhira mlendo, kuti palibe kanthu, ayende bwino.